Ulendo wa Pansi pa Linga la Nkhotakota

Mawu olankhulidwa pa mwambo wokumbukira mbiri ndi chikhalidwe cha makolo



Tsiku ndi tsiku mabasi amadutsa pa Nkhotakota mu msewu wa M5, ena kulowera ku Salima, ena ku Dwangwa ndi ku Nkhata Bay. Apaulendo amatsika, nagula mpunga ndi usipa, nakweranso. Akafika kwawo amati aiona Nkhotakota, chikhalirecho aona msika ndi pokwerera basi pokha. Mudzi wakale uli kumunsi, cha kunyanja, ndipo suoneka pa zenera la galimoto. Umafuna munthu woyenda pansi, wosafulumira, wodziwa kupereka moni ndi kufunsa, pakuti safunsa anadya phula. Mawu a lero ndi a ulendo wotero: kumene uyambira, zimene uonetsa, ndi chifukwa chake ana a kuno ayenera kukhala oyamba kuuyenda.

Ulendowu uyambira pa gombe, m'mamawa, asodzi akukocheza mabwato awo. Woyendayo aime pamchenga, ayang'ane kummawa, kutsidya la ku Mozambique. Madzi amene akuwaonawo anali msewu waukulu wa malonda a anthu. M'zaka za m'ma 1840 kunafika wamalonda wachiswahili wochokera ku Zanzibar, Salim bin Abdullah, amene anadziwika ndi dzina la udindo loti Jumbe. Anakhazikika pakati pa Achewa a m'mbali mwa nyanja ali ndi mfuti, nsalu ndi mikanda, ndipo anakhoma zombo zoyenda ndi mphepo. Zombozo zinkaolotsa minyanga ya njovu ndi anthu ogwidwa m'midzi ya kumtunda. Akafika kutsidya, akapolowo ankayenda pansi miyezi ingapo, magoli ali m'khosi, mpaka ku Kilwa m'mbali mwa nyanja yamchere. David Livingstone analemba kuti kazembe wa Britain ku Zanzibar anamuuza zoti akapolo 19,000 ochokera m'dera la nyanja ino ankadutsa pa chisumbucho chaka chilichonse. Amene anafera m'njira sanawerengedwe. Gombe lino lilibe manda awo, ndipo ambiri a iwo pamene anaponda dziko lawo komaliza ndi pamchenga pomwepa.

Kuchoka pa gombe, njira ilowa m'mudzi wa Linga. Dzinalo lokha likunena mbiri, pakuti linga ndi mpanda wodzitetezera pa nkhondo. Muno ndi mmene muli malo a mzikiti wakale wa nthawi ya a Jumbe, ndi manda a a Jumbe atatu pamodzi ndi a nduna zawo. A Jumbe analipo anayi, koma wachinayi sanagone kuno: boma la atsamunda linamuchotsa pa udindo pakatikati pa zaka za m'ma 1890 ndi kumutumiza ku Zanzibar. Apa woyenda ayenera kudekha mtima, chifukwa nkhani ya pa Linga ili ndi mbali ziwiri. Anthu omwe anabweretsa goli ndiwonso anabweretsa Chisilamu, luso lokhoma zombo, ndi ulimi wa mpunga umene lero ukudyetsa mabanja ndi kulipira sukulu za ana. Ndiponso malonda a akapolo sakadakula popanda eni dziko ena amene analandira nsalu ndi mfuti posinthana ndi anansi awo. Zidzukulu za ogula, za ogulitsa ndi za opulumuka lero zimatunga madzi pa mjigo umodzi, zimakwatirana, zimaikana maliro. Cholinga choyendera malowa si kuloza chala banja lililonse. Ndi kudziwa kuti mtendere umene uli pakati pa anansiwa unachokera kutali, ndipo suyenera kuseweredwa.

Kuchoka pa manda a a Jumbe, mapazi alunjika ku mishoni ya Angilikani, kumene kuli mkuyu wotchuka. Livingstone anafika m'dera lino koyamba mu 1861, akuyenda pa nyanja ndi John Kirk, ndipo anaona malonda a akapolo ali pachimake. Patapita zaka zochepa anabweranso, ndipo mbiri imati pansi pa mkuyuwu ndi pamene anakumana ndi Jumbe pamodzi ndi mafumu a Achewa, kuwadandaulira kuti nkhondo ndi kugwira anthu zilekeke. Ana a sukulu ambiri amaloweza kuti ukapolo unathera pa mtengo umenewu. Choona ndi chakuti zimene anakambirana pamenepo sizinakhalitse, ndipo zombo zinapitiriza kuolotsa anthu kwa zaka pafupifupi 30. Harry Johnston anapangana pangano ndi Jumbe mu 1889, dziko linalowa m'manja mwa Britain mu 1891, ndipo malondawo anazilala m'zaka zotsatira. Mkuyuwo ukuphunzitsa kuti choipa chozika mizu sichizulidwa ndi msonkhano umodzi, komabe msonkhanowo uyenera kuchitika.

Pafupi ndi mkuyuwo pali tchalitchi cha All Saints. Mishoni ya Universities' Mission to Central Africa inafika kuno mu 1894 ndi wansembe Arthur Fraser Sim, amene anamwalira chaka chotsatira. M'chaka chomwecho cha 1895, Chauncy Maples, atangodzozedwa kumene kukhala bishopu ku London, anamira pa nyanja ino bwato lake litagubuduzika ndi namondwe pa ulendo wobwerera ku Likoma. Thupi lake linaikidwa ku Nkhotakota, ndipo sitima ya Chauncy Maples inatchedwa dzina lake. Chipatala cha St Anne's, chimene chathandiza Akhristu ndi Asilamu mosasankha kwa zaka zoposa 100, chili pa mishoni yomweyo. Motero pa mtunda woti nkhalamba n'kuuyenda m'mawa umodzi pali mzikiti ndi tchalitchi, manda a Jumbe ndi manda a bishopu. Midzi yokhala ndi zotere pafupipafupi chonchi ndi yowerengeka m'Malawi.

Ulendo wa m'tauni utha ndi mbiri ya ufulu. Mu 1960, Dr Hastings Kamuzu Banda atatuluka m'ndende ya Gweru, chipani cha Malawi Congress Party chinachititsa msonkhano wake waukulu ku Nkhotakota, kumene iye anasankhidwa kukhala mtsogoleri wa chipanicho kwa moyo wake wonse. Mtengo wina wa m'tauni muno umakumbukiridwa kuti pansi pake ndi pamene analankhula kwa khamu la anthu. Patatha zaka zinayi, mu 1964, dziko linalandira ufulu wodzilamulira. Mudzi umene unaona anthu akutuluka ndi magoli unaonanso zidzukulu zawo zikusonkhana kudzafuna dziko lawo.

Amene miyendo yake ikadali ndi mphamvu apitirire ku akasupe a madzi otentha a Mawira, kunja pang'ono kwa tauni. Wokhala ndi tsiku lachiwiri apite kummwera ku Chia, kumene thamanda lalikulu limalumikizana ndi nyanja, malo a mbalame ndi asodzi. Kumadzulo kuli nkhalango yotetezedwa ya Nkhotakota, ya makilomita pafupifupi 1,800 m'bwalo lake lonse, mmene muli phiri la Chipata ndi mtsinje wa Bua umene mpasa zimakwera kukaswana. Kuyambira mu 2015 nkhalangoyi ikusamalidwa ndi bungwe la African Parks mogwirizana ndi boma, ndipo mu 2016 ndi 2017 njovu pafupifupi 500 zinasamutsidwira mmenemo kuchokera ku Liwonde ndi ku Majete. Dziko limene njovu zake zinkaphedwa chifukwa cha minyanga yopita ku Zanzibar lalandiranso njovu. M'nkhalangomo munthu sayenda yekha: amatsogoleredwa ndi msilikali wa zanyama.

Mu 2011 boma la Malawi linapereka njira za akapolo ndi za Livingstone ku bungwe la UNESCO kuti ziganiziridwe kukhala chuma cha dziko lonse lapansi, ndipo Nkhotakota ili pa mndandanda umenewo. Koma mndandanda suthirira mtengo, sulambula manda. Mkuyu ndi chamoyo, umakalamba, ndipo mphepo ya mwera siuleka. Manda osalambulidwa amamera thengo. Choopsa koposa n'chakuti nkhalamba zimene zinamva nkhanizi kwa agogo awo, zodziwa kuti zombo zinkakochezedwa pati ndi kuti banja lakutilakuti linafika bwanji pa Linga, zikutha chaka ndi chaka. Mlendo wochokera kunja ndi mame, amajambula zithunzi nabwerera kwawo. Wosunga malowa ndi amene amagona pafupi nawo.

N'chifukwa chake mwambo uno ukupereka mapempho atatu. Kwa mafumu ndi atsogoleri a zipembedzo: agwirizane tsiku limodzi pa chaka loti Asilamu ndi Akhristu alambule limodzi njira yonse, kuchokera pa gombe mpaka pa mkuyu. Kwa aphunzitsi: mwana aliyense wa m'boma lino asamalize pulayimale asanayende ulendowu ndi mapazi ake, ndipo ophunzira a sekondale akhale pansi ndi agogo awo, alembe zimene akuuzidwa. Kwa achinyamata: aphunzire mbiriyi molondola kuti akhale otsogolera alendo, pakuti imeneyi ndi ntchito yolemekezeka yopezerapo chakudya. Ndipo aliyense woyendera malowa asunge mwambo wake: apemphe chilolezo asanalowe kumanda, avule nsapato pa khomo la mzikiti, asaleme dzina lake pa khungwa la mtengo.

Magule akatha ndipo ng'oma zikakhala chete, gombe lidzakhala lili pomwepo, mphindi zochepa kuchokera pa msewu waukulu. Amene abwera ndi ana awatengere kumeneko dzuwa lisanalowe, awaonetse kutsidya, awauze za anthu amene anaoloka osabweranso.