Nchito Yosaoneka ndi Maso: Cikumbutso ca Erle Halliburton

Abale ndi alongo, ndi inu aphunzitsi a m'midzi, lero tifuna kukumbukira moyo wa munthu wa dziko lakutali la America, dzina lace Erle Halliburton, amene anali msilikari wa pamadzi, nakhala pambuyo pace mmisiri wa zitsime za mafuta. Kapena ambiri a inu simunamve dzinali ndi kale lonse. Koma parafini wa m'nyali ndi petulo wa m'galimoto acokera m'zitsime zakuya, zomangidwa ndi luso longa lija anakonza iye. Ndipo cimene tifuna kuti mupite naco kwanu ndi ici: nchito imene igwiriziza moyo wa anthu kawirikawiri ndiyo imene palibe munthu aiona.

Iyeyu anabadwa pa 22 September 1892, pafupi ndi mudzi wa Henning, m'cigawo ca Tennessee. Atate wace anamwalira iye ali ndi zaka 12, ndipo pofika zaka 14 anacoka kwao kukafuna nchito, kuti athandize amace ndi abale ace. Anayendayenda, naphunzira kuyendetsa makina akuru a nthunzi, okumba dothi ndi onyamula akatundu olemera. M'caka ca 1910 analembedwa usilikari wa pamadzi wa dziko lace, nakhala m'menemo kufikira 1915.

Combo ca nkhondo ciri ndi mbali ziwiri. Pamwamba pali mbendera ndi mizinga, zimene anthu a pagombe azicitira cidwi. Koma pansi, m'mimba mwace, muli ng'anjo, mipope ndi mapampu, ndi kutentha ndi phokoso usana ndi usiku. Za makina otere ndizo mnyamatayu anaphunzira. Panyanja palibe kothawira. Mpope umodzi ukamangidwa mwaulesi, onse a m'combo ali m'tsoka, mkuru wa asilikari ndi wophika yemwe. Anaturuka usilikari ndi mbiri yabwino, nakwatira Vida Taber caka comweco.

Tsono kuti timvetse nchito imene anagwira pambuyo pace, tiyambe taona mamangidwe a citsime ca mafuta. Mudziwa inu nonse kuti citsime ca pamudzi cikapanda kuwakidwa ndi njerwa cigumuka, ndipo madzi a mvula alowamo ndi zonyansa zace. Citsime ca mafuta ncopapatiza ngati ca mjigo, koma citsika pansi kwakukuru, nicipyoza miyala yamitundumitundu: pena pali madzi okoma, pena madzi amcere, pena mpweya woyaka moto, ndi pena mafuta. Akatha kuboola, atsitsiramo mpope wacitsulo. Koma pakati pa mpope ndi khoma la mwala patsala mpata, ndipo mpata umenewo ndiwo khomo la tsoka. Madzi atsika momwemo naononga mafuta. Mafuta akwera naipsa madzi akumwa. Mpweya uthawira kumwamba, ndipo ukakomana ndi moto upha anthu.

Mankhwala ace ndi awa. Asakaniza simenti ndi madzi, naipopera pansi m'kati mwa mpope. Ikafika kothera ituruka, nikwera kunja kwa mpope, nidzaza mpata wonse. Ikauma, citsime camangika. Ndipo kuyambira tsiku lomwelo palibe diso la munthu lidzaionanso simentiyo. Koma onse ogwira nchito pamwamba aika moyo wao pa iyo.

Luso limeneli Halliburton analiphunzira ku California, pa kampani ya Almond Perkins. Koma wanchito watsopanoyo sanaleke kuuza mbuye wace njira zokonzera nchito, kufikira mbuyeyo anatopa naye, namcotsa. Zitapita zaka iye ankanena kuti kulembedwa ndi kucotsedwa kumeneko ndizo zokoma ziwiri zoposa zimene zinamgwera. Pakuti m'caka ca 1919 anamuka ku zitsime za ku Texas, nayamba nchito ya iye mwini, ndi gareta, nyuru ndi pampu, zonsezo zobwereka. Masiku amenewo anali a usiwa, kotero kuti mkazi wace anapinyolitsa mphete yace ya ukwati kuti nchito isaime. Akuru anati, Mutu umodzi susenza denga. Ndipo pokumbukira mwamunayu tisaiwale mkaziyo, pakuti nayenso nchito yace inali yosaoneka.

Mwa zipangizo zimene anakonza tichulepo ziwiri. Kale anthu ankasakaniza simenti ndi manja m'mabokosi a matabwa, ndipo nchito inali yocedwa. Koma simenti siilinda munthu. Ikayamba kuuma isanafike pansi, citsime caonongeka. Cifukwa cace anakonza makina m'mene madzi othamanga mwamphamvu akoka simenti youma, naisakaniza osalekeza. Cinzace cinali cingwe coyesera, cotsikira m'mpope, cakudziwitsa wanchito pamene simenti yafika. Taonani mtima wa mmisiri woona: pamene diso silifika, iye sakhutira ndi kungoganiza, koma afuna muyeso.

Kucokera ku Texas anasamukira ku Oklahoma, nakhazika nchito yace m'mudzi wa Duncan. M'caka ca 1924 makampani akuru a mafuta analowetsamo ndalama zao, ndipo nchitoyo inachedwa Halliburton Oil Well Cementing Company. M'caka ca 1940 kampaniyi inagula ija ya Perkins, imene inamcotsa nchito kale. Anamwalira ku Los Angeles pa 13 October 1957, ali ndi zaka 65.

Koma pali mau ena owawa amene sitiyenera kuwabisa. Pa 20 April 1910 munthuyu anali akali mnyamata. Zaka 100 pambuyo pace, pa 20 April 2010, m'nyanja ya Gulf of Mexico, mpweya unakwera m'citsime cina, nuyaka moto pa nsanja yoboolera yochedwa Deepwater Horizon. Anthu 11 anafa, ndipo mafuta anatayikira m'nyanja masiku 87, naononga nsomba, mbalame ndi nchito ya asodzi. Ofufuza anapeza kuti simenti ya pansi pa citsime siinatseke, ndi kuti poyesa citsimeco anchito sanazindikire cenjezo la muyeso wao. Makampani angapo anapezeka ndi mlandu, ndipo imodzi mwa iwo, imene inatsira simentiyo, ndiyo yochedwa ndi dzina la Halliburton. Dzina lomveka silitseka citsime. Mbadwo uli wonse uyenera kusakaniza simenti yace ndi kuwerenga muyeso wace.

Tsono ife tiphunzirapo ciani? Coyamba, tilemekeze nchito yobisika. Inu aphunzitsi, tsiku la kudza woyendera sukulu, bwalo lisesedwa, ana ayimba bwino, ndipo zonse zioneka zokoma. Koma nchito yanu yeniyeni iri m'masiku ena aja, pamene palibe wakupenyani, ndipo mwana wosamva msanga akufunsani kacitatu cinthu cimodzimodzi. Cimene mutsira m'mutu mwa mwanayo citsika pansi, ndipo simudzacionanso. Koma zaka 20 zikapita, banja lace ndi mudzi wace zidzatsamira pa ico. Momwemonso womanga maziko a nyumba, wosunga ndalama za anzace, ndi mai wotereka madzi a mwana wodwala.

Caciwiri, tisadalire maonekedwe. Cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere. Tikhale ndi cingwe cathu coyesera. Mwana akabwereza mau pamtima, mfunseni mwa njira yina, kuti mudziwe ngati wamvetsa. Ndipo muyeso ukatiuza zosakondweretsa, tisaupotoze kuti nchito ithe msanga. Pakuti kucedwa tsiku limodzi nkwabwino koposa kulira maliro.

Cacitatu, tisanyoze poyambira pang'ono, ndipo tisataye mtima pocotsedwa. Mwana wamasiye uja sanadziwe, pophunzira za mipope m'combo, kuti alikukonzekera nchito ya moyo wace. Inunso akuru a nchito, wamng'ono akadza ndi nzeru yatsopano, yambani mwamva musanamkalipire.

Abale, ambiri a ife maina athu sadzalembedwa pa khomo la kampani, ndipo kunja kwa mudzi wathu palibe adzatichula. Koma yense wa ife ali ndi mpata wace woti adzaze, umene anzace sauona, ndipo ali nao anthu oima pamwamba pace osadziwa. Tibwerere kwathu, tikaudzaze mokhulupirika, kufikira pansi.