Kuyeza magazi pambuyo pa opaleshoni ya khansa ya chifu

Ndandipempha kuti ndilankhulepo za kuyeza magazi kwa munthu amene wachitidwa opaleshoni ya khansa ya chifu, imene ambirife timangoti khansa ya m'mimba.

Chotupa chikachotsedwa, nkhawa simatha. Khansayi ikati ibwerere, kawirikawiri imabwerera m'zaka ziwiri kapena zitatu zoyambirira, ndipo imakonda chiwindi, anabere, ndi kachikopa kokuta ziwalo za m'mimba. N'chifukwa chake poyamba wodwala amaitanidwa pakatha miyezi 3 mpaka 6 iliyonse, ndipo zipatala zambiri zimayeza CEA ndi CA 19-9, zina CA 72-4. Izi ndi zinthu zimene maselo a khansa amatha kutayira m'magazi. CEA anaitulukira Phil Gold ndi Samuel Freedman ku Montreal mu 1965.

Malabu ambiri amaika malire a CEA pa 5, a CA 19-9 pa 37. Apa m'pamene mabanja timasokonekera. Nambala ikangodumpha malire, pa WhatsApp pamakhala ngati pagwa maliro. Chonsecho CEA imakwera ngakhale mwa wosuta fodya, CA 19-9 imakwera njira ya ndulu ikatsekeka. Palinso anthu, 5 mpaka 10 mwa 100 alionse, amene thupi lawo silipanga n'komwe CA 19-9, ndiye nambala yabwino siyikutanthauza kuti khansa kulibe.

Ine ntchito yanga ndi ya makompyuta, ndipo kwathuko makina akatentha kamodzi sitithamanga. Timaona ngati akutenthera-tenthera tsiku ndi tsiku. Magazinso chimodzimodzi. Nambala yokwera maulendo awiri, atatu otsatizana, makamaka ngati inali yokwera opaleshoni isanachitike kenako n'kutsika, ndi imene imachititsa dokotala kuitanitsa CT scan, nthawi zina wodwala asanamve kupweteka kulikonse.

Pempho langa lili kwa ife amene timasonkha ndalama kuti m'bale akachitidwe opaleshoni ku South Africa kapena ku India. Asakwere ndege yobwerera kumudzi opanda pepala la manambala a opaleshoni isanachitike ndi itachitika. Dokotala wa ku Blantyre kapena ku Lilongwe sangayerekeze ndi nambala imene sanaione. Ngati n'kotheka aziyezetsa pa labu imodzimodzi, chifukwa makina osiyana amapereka manambala osiyanako. Ndipo akayamba kuonda, kusanza kapena kutupa mimba, asadikire tsiku loyezetsa.