Nzeru za Makolo Pamaso pa Lamulo

Mlendo wofika ku Livingstone kudzaona mathithi a Mosi-oa-Tunya sabwerera kwao cimanjamanja. Wina agula cosema ca amisiri a kwa Mukuni, wina ajambula gule, winanso alemba m'buku lace dzina la mtengo umene nkhalamba icita nao mankhwala. Cosemaco alipira ndithu, koma nyimbo ndi dzina la mtengo angotenga.

Malamulo akale ocokera ku Ulaya adziwa munthu mmodzi wotulukira cinthu catsopano, namupatsa patenti ya zaka 20. Tsono nzeru ya mudzi siili yatsopano, ndiponso mwini wace sali mmodzi. Cifukwa cace malamulowo anaiyesa yopanda mwini. Anthu a mtundu wa San a ku Kalahari anali kutafuna comera ca hoodia kuti asamve njala popita ku uzimba. Bungwe la CSIR la ku South Africa linatenga patenti pa mphamvu ya comeraco osawauza, ndipo pangano logawana nao phindu linadza mocedwa, m'caka ca 2003.

Dziko la Zambia linaika Lamulo la nambala 16 la 2016, loyang'aniridwa ndi PACRA, potsata pangano la ku Swakopmund la 2010. Lamulolo liti wofuna kupindula ndi nzeru ya makolo ayambe wafotokozera eni ace cimene afuna, alandire cilolezo cao, ndipo phindu agawane nao. M'caka ca 2024 maiko a m'bungwe la WIPO anapangana ku Geneva kuti wopempha patenti azichula kumene anatenga comera ndi nzeru yace. Malawi ndiye anayamba kubvomereza panganolo.

Komatu nkhalamba ya kumudzi siwerenga malamulo a ku Lusaka. Mlendo afikira kwa mphunzitsi, pakuti ndiye amva Cingerezi. Mphunzitsiyo asafulumire kumasulira. Ayambe waperekeza mlendo kwa mfumu, nafunse kumene zojambulazo zidzapita. Polemba nthano ndi nyimbo pamodzi ndi ana a sukulu, alembenso dzina la wonena, mudzi wace ndi caka, pakuti kabuku kotere kangathe kukhala mboni pa mlandu.

Za kudambwe ndi za kumukanda n'zina. UNESCO inalemekeza Gule Wamkulu ndi Makishi m'caka ca 2005, koma cinsinsi cao sicili ca mphunzitsi kuti acilembe. Mlendo akafunsa zimenezo, amtumize kwa akulu a mwambowo.