Mizere Iwiri, Gome Limodzi

Macitidwe 1:15-26

Pofika nyengo ya zisankho za cipulula, cipani ciri conse cisonkhanitsa anthu ace pabwalo kuti asankhe wociimira. Ndipo kawirikawiri osankhawo aima pamzere kumbuyo kwa iye amene amfuna. Pamenepo palibe cobisika. Mkulu wa mpingo aima uku, mlamu wace uko. Koma pa Sabata tiyandikira tonse Gome limodzi la Ambuye.

Taonani m'Yerusalemu: abale ngati 120 anaimika awiri, Yosefe Barsaba ndi Matiya, malo ali amodzi okha. Anayamba apemphera, nacita maere, ndipo anagwera Matiya. Kodi tiwerenga kuti Yosefe anapatuka ndi omtsata ace, kapena kuneneza Petro kuti wambera? Iai, sitiwerenga cotero.

Kulowa cipani si cimo. Pa 14 June 1993 anthu a dziko lino anasankha zipani zambiri, ndipo ufulu umene tisaupeputse. Koma tisagulitse malo athu pamzere ndi nsalu, sopo kapena ndalama. Ngakhale lamulo la zipani likadakhala cete, cikumbu mtima cikadatitsutsa, nanga popeza la 2018 liletsa mphatso zokopera mavoti? Iye wogula mzere lero adzabweza ndalama zace mawa, pa mjigo ndi mlatho wathu.

Inu aphunzitsi a m'midzi, mutacoka pabwalopo, yambani ndinu kupatsa moni iwo a mzere winawo, ana akuona. Mulungu atithandize. Amen.