Chiuno Cholowa Mkati M'mbali Si Matenda

Mawu a namwino wa uzamba pokambirana za sewero la pa wailesi



M'sewero lathu tamva za mtsikana wa zaka 16 amene adapita kwa telala kukasoketsa diresi lovala pa ukwati wa mkulu wake. Poyesa diresilo, anzake adaona kuti m'mbali mwa chiuno chake, cha pamwamba pa ntchafu, ndi molowa mkati pang'ono mbali zonse ziwiri. Adamuseka. Atafika kunyumba, azakhali ake nawo adati chiuno chotere sichibereka, ndipo palibe mnyamata amene angadzamufunsire mbeta. Sewero lidatha mnzake atamubweretsera timapiritsi ta kumsika, iye tili m'manja, akulingalira zoti amwe kapena asamwe.

Tisanamuuze mtsikanayu chochita, tiyeni tiyambe talidziwa thupi lathu.

Kodi kulowa mkatiku kumabwera bwanji?

Pomwe mwakhalapo, imirirani pang'ono. Ikani dzanja m'chiuno, pamene mumamangira chitenje kapena lamba. Mukumva fupa lolimba. Limenelo ndi nsonga ya fupa lalikulu la m'chiuno. Tsopano tsitsani dzanjalo m'mbali momwemo, mtunda ngati wa chikhato chimodzi. Mupezanso fupa lina lotumphuka. Gwedezani mwendo, mumva likuyenda. Limenelo ndi kumtunda kwa fupa la ntchafu.

Pakati pa mafupa awiriwa palibe fupa lotulukira kunja. Pali minofu yothandiza kutakasa mwendo ndi kulimbitsa chiuno poyenda, ndipo pamwamba pake pali mafuta ndi khungu. Kwa anthu ena mafupa awiriwa ndi oyandikana, choncho khungu limangotsetsereka osaonetsa kanthu. Kwa ena ndi otalikirana, kapena fupa la m'chiuno ndi lotambasuka, choncho khungu limalowa mkati lisanatumphukenso pa ntchafu. Achinyamata amene amaona zithunzi pa foni amamva kuti pa Chingerezi malo amenewa amatchedwa hip dips.

Taganizani za denga la nyumba. Udzu umatsata momwe mitengo ya denga idagonera. Ngakhale muwunjike udzu wochuluka chotani, simungasinthe kagonedwe ka mitengoyo. Thupi nalo ndi chimodzimodzi. Mnofu umatsata mafupa, ndipo kaumbidwe ka mafupa timatengera ku mtundu, monga momwe timatengera msinkhu, mphuno kapena mpata wa mano. Mukayang'ana bwino kubanja kwanu, mwina mupeza kuti amayi, agogo kapena azakhali omwewo ali nacho chiuno chotere, kungoti chitenje chimabisa. Amuna nawonso amakhala nacho. Onenepa ali nacho, oonda ali nacho.

Kwa atsikana, malowa amayamba kuonekera bwino pa nthawi yotha msinkhu. Nthawi imeneyi chiuno chimatambasuka, ndipo mafuta amayamba kusonkhana m'ntchafu ndi kumbuyo. Pamwamba pakakula, pansi pakakulanso, pakati pamaoneka polowa. Chimenechi ndi chizindikiro chakuti mwana akukula.

Kodi ndi zoona kuti chiuno chotere sichibereka?

Ayi, si zoona. Kutenga pathupi kumadalira chiberekero, mazira a mayi ndi mbewu ya bambo. Zonsezi sizioneka poyang'ana munthu m'mbali. Njira imene mwana amadutsa pobadwa ili mkati mwa mafupa a m'chiuno, ndipo kukula kwake sitingakudziwe poona maonekedwe a kunja. Alipo amayi a mbina zazikulu amene amachira kudzera mu opaleshoni. Aliponso amayi oonda, a chiuno cholowa mkati, amene abereka ana angapo popanda vuto.

Chimene tiyenera kuopa ndi china. Mtsikana akatenga pathupi asanakhwime, mafupa ake amakhala asanamalize kukula. Mwana angathe kukanirira panjira, ndipo mayi akachedwa kufika kuchipatala angathe kutaya mwana, kutaya moyo, kapena kutsala ndi matenda a fistula amene amachititsa mkodzo kumangotuluka wokha. Ichi ndi chimodzi mwa zifukwa zimene Nyumba ya Malamulo mu 2017 idasinthira malamulo aakulu a dziko lino kuti munthu asalowe m'banja asanakwane zaka 18. Choncho azakhali a m'sewero aja akadachita bwino kudera nkhawa za zaka za mwanayo ndi sukulu yake, m'malo moyeza chiuno chake ndi maso.

Mayi aliyense woyembekezera, kaya chiuno chake ndi chotani, ayambe sikelo m'miyezi 3 yoyambirira. Kuyambira 2016 bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO limalangiza kuti mayi aonane ndi a zaumoyo kosachepera ka 8 asanachire.

Nanga mankhwala okulitsa chiuno?

Pano ndi pamene pagona nkhani. Kulowa mkati kwa chiuno sikudwalitsa munthu, koma zimene anthu amamwa pofuna kudzaza malowo ndi zimene zimadwalitsa. Palibe piritsi limene limadziwa njira yopita m'chiuno. Mankhwala akalowa m'thupi amayenda ndi magazi paliponse.

Ambiri mwa mapiritsi onenepetsa amene amagulitsidwa mobisa ali m'magulu awiri.

Oyamba ndi a mtundu wa dexamethasone ndi prednisolone. Awa ndi mankhwala enieni amene adokotala amapereka pa matenda ena, monga mphumu yovuta, ndipo amachita kuyeza mlingo ndi masiku ake. Munthu akamamwa yekha kwa nthawi yaitali, mafuta amasonkhana kumaso, kumbuyo kwa khosi ndi pamimba, pamene minofu ya m'ntchafu ndi m'chiuno imafota. Ndiye kuti pamene ankafuna kudzaza ndi pomwe pamaphwa. Mankhwalawa amakwezanso shuga ndi kuthamanga kwa magazi, amafooketsa mafupa, amasokoneza msambo, ndipo amatsitsa chitetezo cha m'thupi kotero kuti matenda monga TB amalowa mosavuta. Ngati wina wakhala akumwa kwa masabata angapo, asasiye mwadzidzidzi, chifukwa kutero ndi koopsanso. Apite kuchipatala, anene zoona, amuthandize kusiya pang'onopang'ono.

Achiwiri ndi a mtundu wa cyproheptadine, amene amapezeka m'mankhwala ena akumwa monga Apetamin. Ntchito yake yeniyeni ndi kuthandiza munthu amene thupi lake likuyabwa kapena kutuluka zidzolo chifukwa chodana ndi chinthu china. Amachititsa njala, komanso amagonetsa ndi kuchititsa chizungulire. Tangoganizani mwana amene akuwodzera m'kalasi, kapena mayi amene akupalasa njinga pa msewu wa ku Ngabu mutu ukuzungulira. Mu 2023 bungwe la FDA la ku America lidachenjeza anthu za Apetamin, ndipo pa zoopsa zimene lidatchula panali kuwonongeka kwa chiwindi.

Palinso odzola amene amati amakulitsa pomwe wapakapo. Mafuta odzola sangasunthe fupa. Ndipo oopsa kuposa onse ndi majakisoni obayidwa kunyumba kapena kuseri kwa msika. Amayambitsa zithupsa zikuluzikulu ndi mabala osapola, ndipo zimene zabayidwazo zikalowa mumtsempha munthu angathe kufa. Singano yobwerekana imafalitsanso HIV ndi matenda a chiwindi. Akuluakulu adati chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere.

M'dziko muno bungwe la Pharmacy and Medicines Regulatory Authority ndilo limapereka chilolezo cha mankhwala ndi cha ogulitsa mankhwala. Piritsi lothiridwa m'kapepala, lopanda dzina, limene lakhala pa dzuwa la kuno kuchigwa tsiku lonse, simungadziwe kuti muli chiyani.

Kodi masewero olimbitsa thupi ndi zakudya sizingathandize?

Masewero ndi abwino. Amalimbitsa minofu ya m'chiuno, amateteza msana ndi mawondo. Koma sasuntha mafupa. Amayi a kuno amalima kudimba, amasinja, amasenza ndowa za madzi, amapalasa njinga mtunda wautali. Minofu yawo ndi yolimba kale, komabe ena mwa iwo chiuno chawo ndi cholowa mkati.

Kudya bwino nakonso ndi kofunika, makamaka kwa mtsikana amene akukula. Adye kuchokera m'magulu 6 a zakudya: nsima ya chimanga, mapira kapena mchewere, nyemba, khobwe ndi nandolo, nsomba za mu Shire, mazira ndi nyama, ndiwo zamasamba, zipatso monga masawu, malambe ndi mango, ndi zamafuta monga chitowe ndi mafuta ophikira. Adye kuti akhale ndi magazi okwanira ndi mphamvu, koma asayembekezere kuti chakudya chisankha pokakhala.

Zithunzi zimene mumaona pa Facebook ndi TikTok zisakunyengeni. Ojambulidwawo amachita kusankha kaimidwe, ena amavala zamkati zokhala ndi siponji, ndipo zithunzi zambiri zimakonzedwa pa foni zisanatumizidwe.

Ndi liti pamene tiyenera kupita kuchipatala?

Chiuno cholowa mkati chobadwa nacho chimakhala mbali zonse ziwiri, sichipweteka, ndipo sichilepheretsa munthu kuyenda kapena kugwira ntchito. Koma pitani kuchipatala msanga mukaona izi:

1. Chiuno chikupweteka, kapena munthu wayamba kutsimphina.
2. Mbali imodzi yokha yayamba kuphwa, kapena mwendo wina ukuoneka wofupika.
3. Pali chotupa, bala, kapena malowo akutentha.
4. Thupi lonse likuonda popanda chifukwa, makamaka ngati pali chifuwa chosatha, thukuta la usiku, kutsegula m'mimba kapena ludzu losatha.
5. Mwana wamng'ono akukana kupondera mwendo.

Mungathe kuyambira kwa mlangizi wa zaumoyo wa m'mudzi mwanu kapena pa chipatala chaching'ono chapafupi. Ziliponso zipatala za boma za Chikwawa, Ngabu ndi Nsanje, chipatala cha St Montfort ku Nchalo, ndi cha Trinity ku Muona.

Tidziwenso ichi. Kuyambira nthawi imene Edzi idavuta kwambiri m'dziko muno, anthu adazolowera kuloza zala munthu woonda. Mantha amenewa ndi amene amakankhira ena ku mapiritsi onenepetsa. Maso si chipangizo choyezera magazi. Amene akukayika akayezetse. Ma ARV akhala akuperekedwa ulere m'zipatala za boma kuyambira 2004.

Mawu kwa makolo ndi anankungwi

Mwana amakhulupirira zimene wamva kwa amayi ake, azakhali ake ndi anankungwi kuposa zimene wamva kwa ife a chipatala. Mukamuuza kuti thupi lake ndi loperewera, amanyamula mawuwo kupita nawo kusukulu, kumjigo, mpaka m'banja. Ena amasiya kusewera mpira wa manja. Ena amakana kulowa m'bwalo la utse poopa kusekedwa. Ndipo mtsikana amene amadziona wosakwanira savuta kumunyenga, chifukwa mwamuna woyamba kumuyamikira, ngakhale akhale wamkulu ngati bambo ake, amamutenga mtima.

Inu anyamata ndi abambo, mawu amene mumaponyera atsikana akamadutsa pamsika amathera m'mimba mwa mwana wa mnzanu ngati mapiritsi. Mawa adzakhala mlongo wanu.

Ndipo iwe mtsikana amene uli ndi timapiritsi m'manja, usamwe. Pita nato kwa namwino, umufunse zonse zimene zikukuvuta. Sadzakuseka.

Mafunso okambirana m'magulu

1. Kodi m'mudzi mwathu anthu amanena zotani za chiuno cha mtsikana? Ndi ziti zimene taona lero kuti si zoona?
2. Mukadakhala amayi a mtsikana wa m'sewero uja, mukadawayankha bwanji azakhali popanda kuyambanitsa banja?
3. Kodi mankhwala onenepetsa amapezeka kwathu kuno? Mafumu, a komiti ya zaumoyo ndi a mipingo angachitepo chiyani?
4. Ndi zizindikiro ziti zimene zingatichititse kupita ndi mwana kuchipatala lero lomwe?