Mlendo Amene Cuma Cace Cinali Cinenero

Inu a ku Kadoma ndi ku Chegutu, kumene makolo ambiri a kwathu anapita kukagwira nchito m'migodi, monga wa Cam and Motor, ndi m'mafakitale a nsalu, mudziwa kuwawa kwace kwa kukhala kwa eni. Usiku uno ndikambako za mlendo wa dziko lina, Mtaliyana dzina lace Lorenzo Da Ponte.

Munthuyu anabadwa m'caka ca 1749 ku Ceneda, kufupi ndi Venice. Ku Vienna mbiri yace inamveka ndithu, pakuti ndiye analemba mau a masewero atatu oyimba a Mozart, lina mwa iwo Don Giovanni. Koma pambuyo pace ngongole zinamsautsa ku London, ndipo mu 1805 anathawira ku America. Kumeneko mlembi uja wa ku bwalo la mfumu anasanduka wa sitolo, namayeza tiyi ndi fodya.

Cimene cinamtsalira ndi cinenero cace basi. Anayamba kuphunzitsa Citaliyana ku New York, naitanitsa mabuku kwao kuti ophunzira apeze cowerenga. Mu 1825, ali nkhalamba ya zaka 76, anakhala profesa woyamba wa Citaliyana pa Columbia College. Udindo unali waukulu, koma wopanda malipiro. Ankangodalira zimene ophunzira ankapereka, ndipo ophunzirawo anali ocepa. Komabe sanaleke. Mu 1833 anathandiza kumanga nyumba ya masewero a Citaliyana mumzindamo, koma ndalama zinasowa, nchitoyo niima msanga.

Anamwalira komweko mu 1838, osapondanso kwao. Malo enieni amene agonapo sadziwika lero.