Khutba ya Jumu'a: Chikaiko mu Mgwirizano Chimakweza Mtengo wa Tenda

Kuyamikidwa konse ndi kwa Allah, Mbuye wa zolengedwa zonse. Madalitso ndi mtendere zikhale pa Mtumiki wathu Muhammad (S.A.W), akubanja kwake ndi Maswahaba ake onse.

Abale ndi alongo olemekezeka m'Chisilamu, nthawi zambiri timadandaula kuti mdadada wa sukulu ku Ntaja kapena mlatho ku Ulongwe wadya ndalama zochuluka kuposa zoyenera. Katangale alipo ndithu, koma palinso chifukwa china chimene Chisilamu chidatichenjeza kalekale. Dzina lake ndi gharar, kutanthauza chikaiko mu mgwirizano wa malonda.

Mu Sahih Muslim muli Hadith yoletsa malonda a gharar, ndipo ma Ulamaa amapereka chitsanzo cha kugulitsa nsomba zimene zidakali m'madzi. Inu a ku Chilwa, Chiuta ndi Malombe mukudziwa kuti wogula chambo chosakodwa m'khoka sadziwa chimene walipira.

Tenda nayo ili chimodzimodzi. Khonsolo kapena komiti ikaitanitsa makontrakitala, aliyense amayamba waononga ndalama asanapambane: kugula zikalata, kutenga chiphaso cha msonkho ku MRA, kupereka chikole, ndi maulendo okaona malo. Pamwamba pa izo amadzifunsa: kodi muyeso wa ntchito walembedwa bwino? Adzandilipira liti? Nanga simenti ndi malata zikakwera? Mantha amenewa ali ndi maziko, pakuti kwacha idatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu May 2022, ndiponso ndi 44 peresenti mu November 2023. Funso lililonse losayankhidwa, iye amaliwonjezera pa mtengo. Wolemba mtengo wotsikitsitsa mosaganizira zimenezi ndi uja amathawa, nasiya chipupa chili pa windo. Wokhulupirika wa mpamba wochepa amangoleka kupikisana, ndipo opikisana akachepa mtengo umakweranso. Olipira ndife tonse.

Lamulo la dziko logulira katundu wa boma la 2003, ndi lolowa m'malo mwake la 2017 limene lidakhazikitsa PPDA, adaikidwa kuti mpikisano ukhale poyera. Koma lamulo lopanda taqwa silimanga khoma.

Mtumiki (S.A.W) atafika ku Madina adapeza anthu akulipiriratu tende wodzakolola patsogolo. Sadawaletse, koma adalamula kuti muyeso, kulemera ndi nthawi zidziwike. Ndime 282 ya Surat Al-Baqarah, yotalika kuposa zonse mu Qur'an, ikulamula kulemba ngongole ndi kuika mboni.

Choncho inu a m'makomiti a mizikiti, madrasa ndi chitukuko cha m'midzi, lembani momveka ntchito imene mukufuna, tsiku lolipira, ndi chodzachitika mitengo ikasintha. Lipirani pa nthawi yake, pakuti Bukhari ndi Muslim adalandira Hadith yoti kuzengereza kulipira pamene ndalama zilipo ndi kupondereza.

Inunso makontrakitala, opani Allah. Musalembe mtengo umene mukudziwa kuti simudzaukwanitsa. Musapangane ndi anzanu kulemba mitengo yabodza kuti mmodzi apambane, zimenezo n'zofanana ndi najsh imene Mtumiki (S.A.W) adaletsa.

Tikupempha Allah kuti ayeretse malonda athu, atipatse rizki la halaal, ndi kutikhululukira pa Tsiku la Chiweruzo. Ameen.